Pa Njinga ya Kabaza Kuchoka ku Lilongwe Mpaka ku Khondowe

Ambiri amene anagwirako ntchito ya ulangizi m'midzi ya m'Malawi muno, kaya ya zaulimi, ya zaumoyo kapena ya zankhalango, suwauza kanthu pa Yamaha AG200. Njingayi anaipangira alimi a ziweto a ku Australia ndi New Zealand, koma itafika kuno inazolowera msanga. Injini yake ndi ya 196cc, tcheni chake n'chotsekeredwa kuti fumbi lisachidye, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo magiya ake ndi aafupi moti pamatope imangokwawa osazima. Ine ndine mmodzi wa oikonda. Ndinakalamba nayo pantchito, ndipo nditapuma ndinagula yangayanga kwa munthu amene anali ataikwera kale zaka zambiri. Lero yatopa, utsi wayamba kuoneka, ndipo ikufunika kulowa m'malo.

Chimene ndikufunira njinga tsopano si ntchito ayi. Ndikufuna kuona dziko langali ndi maso anga, kuyenda mitunda italiitali ndi chikwama kumbuyo, kugona kumene dzuwa landilowera. Koma mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinathawa m'manja mwa munthu wodalira penshoni. Mtengo wa AG200 yatsopano umaposa kawiri mtengo wa Bajaj Boxer 150, njinga ya ku India imene anyamata ambiri a kabaza amadyera. Nditadandaula za nkhaniyi pakhomo, mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi njinga zingapo za kabaza ku Area 25, sanachedwe kuyankha.

"Amalume, musavutike mtima. Tengani Boxer yanga yatsopanoyi mukaiyese kumene mukufuna. Mukabwerako ndiye mudzalankhule."

Alamu anga, amene nawonso anali alangizi ndipo AG200 yawo idakali yolimba, anati andiperekeza. Tinagwirizana zodutsa msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Livingstonia, chifukwa njira imeneyi ili ndi zonse zoyesera njinga: phula labwino, phula lodyeka, mphepo, zitunda, ndi miyala ya msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia kumapeto kwake.

Tinanyamuka mu Julaye, kukuzizira, kudzera ku Kanengo n'kulowa msewu wa M14. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo gawo lokoma ndi la kupitirira pa Chezi, pamene msewu umayamba kutsetsereka m'mapiri a Mvera. Chinthu choyamba chimene ndinamva pa Boxer ndi mpando. Ndi wautali, wathyathyathya, chifukwa anaupangira woyendetsa ndi pasinjala, nthawi zina ndi thumba la chimanga pamwamba. Munthu uli wekha umatha kusendera kutsogolo kapena kumbuyo msana ukayamba kudandaula. Kaliyala wake ananyamula chikwama, kachihema ndi zitsulo zokonzera popanda njinga kupendama. Injini yake ndi ya 145cc, yozizira ndi mphepo, ya mphamvu pafupifupi mahatchi 12. Pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola imayenda modekha. Ukafuna kuposa pamenepo, makamaka pachitunda, imakuuza poyera kuti ndi njinga yaing'ono, ndipo njinga iliyonse ya msinkhu umenewo imatero. Kupitirira thiraki kumafuna kuona patali ndi kuleza mtima.

Pa Kaphatenga tinakhotera kumpoto, kulowa M5. Apa dziko limakhala lachidikha, kutentha kumayamba kumveka, ndipo malambe amaoneka uku ndi uku. Msewu m'malo ena ndi wopapatiza, m'mphepete mwake modyeka, moti thiraki ikamabwera kutsogolo woyendetsa njinga ayenera kutsikira pafumbi. Apa ndiye kupepuka kwa njinga kumaoneka ubwino wake. Umatsika, umakweranso, osachita kulimbana nayo. Mwera unali kuomba kuchokera kumbuyo chakumanja, ndipo pamalo opanda mitengo unkakankha njinga yopepukayo, koma osati mochititsa mantha. Pa mlatho wa Chia tinaima kuona amayi akugulitsa chambo ndi milamba, nyanja yaing'ono ya Chia ili kumanzere, ngalande yolumikiza ku nyanja yaikulu ikudutsa pansi pathu.

Ku Nkhotakota ndi kumene nkhani ya mafuta inayamba kundikopa mtima. Thanki ya Boxer imalowa malita 11, ndipo tinafika kumeneko mafuta adakalimo okwanira kupitirira. Amene anakhalapo pamzere wa mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024 akudziwa kuti m'dziko muno funso silikhala la mtengo wa petulo lokha, komanso ngati alipo pamalo omwetsera. Njinga yosamwa kwambiri imakupatsa ufulu wodutsa pamalo pouma n'kukamwetsa kutsogolo, osagula wa m'zigubu amene sudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Alamu anga anayang'ana m'thanki mwawo, n'kuyang'ananso mwanga.

"Alamu, pamafuta pokhapa ndavomera. Koma dikirani tikafike ku Golodi."

Madzulo tinapita kukaona mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, wogulitsa akapolo, mu 1863, pomudandaulira kuti aleke malondawo. Pa doko la Nkhotakota anthu ochuluka ankawolotsedwa m'zombo kupita tsidya lina la nyanja, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Ndinadutsapo pa Nkhotakota kambirimbiri pa basi ndi pa galimoto la ntchito, koma nthawi zonse pamakhala wina wothamangira nthawi. Pa njinga yako umaima pamene mtima waima, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ndikufunira njinga.

M'mawa tinawoloka mtsinje wa Bua, umene umatsika kuchokera m'nkhalango ya Nkhotakota ndipo nsomba ya mpasa imakwera kukaswanako. Nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Tisanalowe m'minda ya mizimbe ya ku Dwangwa, tayala langa lakumbuyo linayamba kuvina. Msomali unali utalowa. Tinakankha njinga pang'ono chabe n'kupeza mnyamata pansi pa mtengo wa mango, ali ndi pampu, beseni la madzi ndi machubu akale atapachika panthambi. Sanafunse kuti njingayi ndi yamtundu wanji. Anamasula tayala, namata chubu, nabwezera, kenaka n'kugwira tcheni ndi chala.

"Madala, tcheni chalefuka pang'ono. Ndikungireni?"

Ndinamufunsa ngati amapeza zipangizo za njinga yotere. Anaseka, n'kuloza cha kumsika. "Chilichonse, madala. Pulagi, kebulo ya kilatchi, mabuleki, siporoketi, ngakhale pisitoni. Koma muzisamala, zina ndi zabodza. Mukagula chotchipitsitsa mubweranso sabata yamawa." Kenaka anayang'ana njinga ya alamu anga mwaulemu. "Iyi ndiye njinga, bwana. Siionongeka wamba. Koma tsiku likadzaonongeka muno, muitanitsa ku Lilongwe."

Mawu a mnyamata ameneyu ndinayenda nawo ulendo wonse. Kwa zaka zambiri ndinkayeza njinga pofunsa kuti imalimba bwanji. Limenelo ndi funso loyenera, ndipo AG200 imaliyankha bwino kwambiri. Koma nthawi ya ntchito, njinga ikavuta panali ofesi yotumiza galimoto ndi makaniko. Woyenda payekha alibe ofesi kumbuyo kwake. Kwa iye funso lina limabwera patsogolo: ikavuta pano, pakati pa Dwangwa ndi Dwambazi, ndani aikonze, ndipo ndi chiyani? Kuchuluka kwa kabaza m'zaka zapitazi kwadzaza amakaniko ndi timashopu ta zipangizo pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Njinga zimene iwo amazidziwa ndi zing'onozing'ono za ku India ndi ku China: za kabuleta, za mawaya ochepa, zolizira ndi mwendo batire likafa, za matayala a masipoko ndi chubu. Amene wakwera njinga yotere amayenda ngati ali ndi galaja pa mtunda uliwonse.

Titawoloka Dwambazi tinalowa m'chigawo cha kumpoto, m'dziko la Atonga. Chinangwa chili paliponse, china choviikidwa, china choyanikidwa pathandala, fungo lake likumveka mpaka pamsewu. Nyanja imaonekera ndi kubisala pakati pa mitengo. Titadutsa Kande tinapatukira ku Bandawe, kumene amishoni a ku Scotland anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, komwe anayambira mu 1875. Malungo anawavutitsa konsekonse, ndipo manda a pa Bandawe akuchitira umboni. Malungowo ndiwo anachititsa Dr Robert Laws kufunafuna malo okwera, mpaka mu 1894 anakakhazikika pa Khondowe, pamene lero pali Livingstonia. Ndinaona kuti ulendo wathu unali kutsata mapazi a mishoniyo, kuchoka kunyanja kukwera kuphiri. Pa Chintheche tinadya kondowole ndi batala wowotcha, kenaka tinadutsa m'minda ya mitengo ya labala ya Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yopota ndi manja m'mbali mwa msewu.

Kuchoka ku Nkhata Bay kukwera ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, koma ndi chitunda chokhachokha. Boxer inakwera, ngakhale kunafunika kutsitsa magiya pafupipafupi ndi kuvomera kuti magalimoto ena andipitirire. Alamu anga sanandisiye kutali. AG200 ili ndi injini yokulirapo, koma magiya ake anawapangira kumunda, choncho paphula nayonso sithamanga kwenikweni. Tinalowa mu Mzuzu limodzi, m'nkhungu, zala zitauma ndi kuzizira. Kumeneko ndinathira oyilo watsopano. Injini yaing'ono ikamayenda mtunda wautali imagwira ntchito molimbika tsiku lonse, ndipo oyilo wake ndi wochepa, choncho kumusintha msanga ndi mankhwala otchipa kuposa ena onse.

Msewu wa M1 kuchoka ku Mzuzu umadutsa Ekwendeni, Enukweni, Bwengu ndi Phwezi, m'chigwa cha Henga, kenaka umatsata mtsinje wa South Rukuru. Pambuyo pake pamabwera Chiweta. Msewu umatsika mokhotakhota, anyani ali pamiyala, mathiraki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akukwera mobuula, ndipo mwadzidzidzi nyanja yonse imatseguka pansi pako. Apa pakufunika nzeru. Njinga zonse ziwirizi zinali za mabuleki a dilamu, ndipo mabuleki otere ukawakanikiza osapumira amatentha n'kuyamba kufooka. Njira yake ndi kutsika pa giya yaing'ono, injini izigwira njinga, buleki n'kumangothandizira pokhota. Woyendetsa wodziwa zimenezi amatsika Chiweta mtima uli m'malo. Wofuna kutsika mothamanga ndi katundu wolemera ayenera kufuna njinga ya mabuleki a disiki, ndipo akonzekere kulipira mtengo wake.

Pa Chitimba tinapeza alendo awiri a ku Ulaya, mwamuna ndi mkazi wake, ali ndi njinga zikuluzikulu zokhala ndi mabokosi a chitsulo m'mbali. Anali atakhala pagombe masiku angapo kudikira kachipangizo ka magetsi kochokera ku Johannesburg. Anali anthu ansangala, ndipo njinga zawo zinali zokongola zedi. Alendo otere anachuluka m'misewu yathu kuyambira pamene Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa m'Malawi mu 2007 pa BMW R1200GS Adventure, pa ulendo wawo wochoka ku John o' Groats kukafika ku Cape Town. Kanema wa ulendowo, Long Way Down, anachititsa ambiri kuganiza kuti ulendo wautali umafuna njinga yolemera makilogalamu oposa 200. Koma awiri aja ankayenda ndi magalimoto owathandiza. Njinga yaikulu ndi yabwino kwa amene akuwoloka maiko pa liwiro la 120, ndipo m'thumba muli zokwanira. Pakati pa zikuluzikuluzo ndi zing'onozing'ono pali zina monga Royal Enfield Himalayan, ya 411cc, imene inatuluka mu 2016 ndi cholinga choti ulendo wa m'mapiri usakhale wa olemera okha. Ndinaiganizirapo kwambiri. Koma zipangizo zake sizili pamsika wa Dwangwa, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kenaka inakwana nthawi imene alamu anga ankaiyembekezera. Msewu wa Golodi umachoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15, makona akuthwa 20, ndipo pokafika pamwamba umakhala utakwera mamita pafupifupi 900 kuchoka pa nyanja. Ndi wa miyala yogubuduka, mikwasa ya madzi ndi fumbi, phompho lili pambali. Masiku ano kuli msewu waphula wolowera cha ku Njakwa, koma ife tinkafuna Golodi yemweyo. Apa AG200 inali kwawo. Alamu anga ankakwera ataimirira pa zopondera, njinga ikungokwawa pa giya yoyamba, matayala a mano akugwira paliponse. Ine ndinayenera kugwira ntchito. Matayala a Boxer imene ndinakwera anali a paphula, ndipo pamiyala yotayirira lakumbuyo linkaterereka. Pansi pake ndi pafupi ndi nthaka, choncho ndinkasankha njira mosamala kuti injini isagunde mwala. Pa makona ena ndinkathandizira ndi phazi. Ndinaima kangapo pamthunzi kuti injini ipume, popeza njinga yozizira ndi mphepo ikamakwera pang'onopang'ono mphepoyo imachepa.

Komabe inakwera. Tili pakati pa phiri, mnyamata wa kabaza anatipitirira pa njinga yaing'ono kuposa yanga, atanyamula mayi ndi dengu la usipa, akukhota pakona ngati palibe chovuta. Iye amakwera phiri limeneli tsiku ndi tsiku. Ndinazindikira kuti zimene zinkandivuta zinali ziwiri, matayala ndi kuzolowera, ndipo zonsezi zimapezeka popanda kugula njinga ina. Pamwamba tinaima pa mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, ndipo kuseri kwake kuli phanga limene anthu ankabisalamo pothawa nkhondo. Alamu anga anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Alamu, yafika. Mochedwerapo, koma yafika."

"Nanga mukuti bwanji tsopano?"

"Ine yangayi sindisiya. Koma ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndi ndalama za penshoni, ndikanaganiza kawiri."

Ku Livingstonia tinayenda pansi pakati pa nyumba za njerwa zofiira, tinaona tchalitchi ndi Stone House, nyumba ya miyala imene Dr Laws ankakhalamo, yomwe tsopano imasunga zinthu zakale za mishoni. Kuchokera m'mphepete mwa phiri, kukakhala kopanda nkhungu, mapiri a ku Tanzania amaoneka tsidya la nyanja. Usiku umenewo ndinalemba m'kabuku zimene ndapeza, mbali iyi zabwino, mbali iyo zofunika kusamala.

Zabwino ndi izi: mtengo wofikirika, mafuta ochepa, mpando wosatopetsa, kaliyala wolimba, kupepuka koti ikagwa munthu wachikulire aidzutsa yekha, ndi amakaniko paliponse. Zofunika kusamala nazo zilipo. Si njinga yothamanga, choncho ulendo uyenera kukonzedwa mwa mtunda wochepa patsiku, ndipo usiku usakupeze pamsewu. Pamsewu woipa kwambiri imafuna matayala a mano ndi dzanja lodekha. Zipangizo zabodza n'zambiri, kotero ndi bwino kugula kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kunyamula chubu, pulagi ndi kebulo ya kilatchi zapadera. Chinanso n'chakuti njinga imene aliyense amaifuna, akuba nawonso amaifuna, ndipo anyamata a kabaza akhala akulira ndi achifwamba owalanda njinga. Pogona paliponse tinkapempha kuti njinga zilowe kumpanda, ndipo tinkazimanga ndi loko.

Palinso chinthu chimene ife okonda dzina la kampani sitichiwerengera. Ndalama imene yatsala ukagula njinga yotsika mtengo ndiyo imagula chipewa cholimba, jekete yochindikala, magolovesi, nsapato zotseka akakolo, inshuwalansi, laisensi, ndi mafuta a ulendo weniweniwo. M'njira monse tinaona anyamata akuyendetsa opanda chipewa, ena atanyamula anthu atatu, ana ali pathanki. Zimenezi zinandipweteka mtima, chifukwa pangozi ya njinga chimene chimafika pansi ndi thupi la munthu, kaya njingayo ndi ya ku Japan, ya ku Germany kapena ya ku India. Munthu amene watha ndalama zonse pogula dzina n'kukwera mutu uli pamtunda wasankha molakwika.

Tinabwerera kudzera ku Njakwa ndi Mzuzu, n'kutsata M1 m'nkhalango ya Chikangawa, Jenda ndi Kasungu. Yamaha AG200 ndidzailemekeza mpaka kale, ndipo kwa amene ntchito yake ili m'matope a dzinja tsiku lililonse, ndi njinga yoyenera ndalama zake. Koma ine ndikufuna ya ulendo, yoti ndiigule chaka chino, ndiikonzetse pamsika uliwonse, ndipo m'thumba mutsale ya petulo. Ndigula Boxer, ndiiveka matayala a mano, ndipo ulendo wotsatira ndi wa ku Nyika.

Kwa inu amene mwakhala mukudikira kuti mudzayenda mukadzapeza njinga ya dzina limene munalizolowera, ndikuti bwerekani ya mtundu wina, muiyese pamsewu umene mukufuna kudzayendamo, ndipo mufunse amakaniko a m'njiramo musanafunse wogulitsa. Mukatero gulani imene thumba lanu lingathe, valani chipewa, ndipo nyamukani miyendo idakali ndi mphamvu.